Mutu 9: Kafukufuku Wochitira Limodzi Mlimi ndi Wasayansi

Kwa zaka zambiri akatswiri a zaulimi m'Malawi ankadabwa nawo alimi. Mbewu ya chimanga cha haibridi inalipo, ndipo m'minda yoyeserera inkabereka kuposa chamakolo mosachita kufunsa. Alangizi ankailalikira m'misonkhano ndi pa wailesi. Koma mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, malo odzalidwa haibridi sankafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a minda yonse ya chimanga m'dziko muno. Ambiri mwa amene ankamudzala ankangopatula kachigawo koti akagulitse ku ADMARC, chakudya cha pakhomo n'kukhala chamakolo basi. M'maofesi nkhani inali yoti anthu akumudzi ndi osamva, okakamira zakale.

Chifukwa chenicheni chinali mumtondo. Haibridi wa nthawi imeneyo anali wa njere zofewa. Mayi akathira mumtondo n'kuyamba kukonola, njerezo zinkaphwanyika, ndipo popeta ufa wambiri unkapita limodzi ndi madeya. Mphale yotsala m'lichero inkachepa poyerekeza ndi ya chamakolo, chomwe njere yake yolimba imavula gaga n'kutsala yathunthu. M'nkhokwe namo anankafumbwe ankayambira haibridi yemweyo. Katswiri ankawerenga matumba pa ekala, pamene mayi ankawerenga ufa woyera wotuluka m'dengu limodzi, n'kumadzifunsa ngati chimangacho chidzafike Febuluwale chisanafumbwe. Aliyense masamu ake anali olondola, koma wodya nsimayo sanafunsidwe. Akatswiri a pamalo ochitira kafukufuku a ku Chitedze atalitenga dandaulo limeneli ngati nkhani ya sayansi, anagwira ntchito ndi bungwe la CIMMYT n'kutulutsa mu 1990 mbewu za MH17 ndi MH18, za njere zolimbirapo, zokonoleka bwino. M'zaka zochepa haibridi anafala m'minda ya alimi ang'onoang'ono kuposa kale lonse.

Mutu uno ukunena za kafukufuku amene mlimi amalowamo kuyambira pachiyambi: amathandiza kusankha funso, amayesa m'munda wake, ndipo ali ndi mphamvu yonena kuti ichi ayi. Kusintha kwa nyengo kwachititsa kuti njira imeneyi ikhale yosapeweka. Kuyambira 1960 kufika 2006 kutentha m'Malawi kunakwera ndi madigiri pafupifupi 0.9. Chilala cha 2015/16 chinasiya anthu oposa 6 miliyoni akusowa chakudya. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anapha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000, ndipo chaka chotsatira boma linalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa 28. Mavuto amenewa safika mofanana paliponse. Mvula ya ku Chitedze siuza munthu za ya ku Phalombe, ndipo ngakhale m'mudzi umodzi munda wakumtunda ndi wakudambo sumva ng'amba chimodzimodzi. Palibe malo ochitira kafukufuku amene angayese zonsezi paokha.

Bala la malimidwe

Kuti timvetse chifukwa chake anthu akumudzi amayamba ndi kukayika akaona galimoto ya akatswiri, tibwerere pang'ono m'mbuyo. Mu 1946 boma la atsamunda linakhazikitsa lamulo loteteza zachilengedwe, ndipo m'zaka za m'ma 1950 malamulo a malimidwe anakhwima: mizere yopingasa, milambala, tsiku lodzalira, tsiku lozulira mapesi a thonje. Wosamvera ankalipitsidwa, ena mpaka kumangidwa. Kukokoloka kwa nthaka kunalidi vuto, ndipo pamalo otsetsereka mizere yopingasa imathandizadi. Koma lamulo silinasiyanitse phiri ndi chigwa. Ku Chigwa cha Shire, komwe anthu ankadziwa nthaka yawo ndipo ankaona kuti mitumbira siikuwapindulira, kukana kunakula mpaka kutchedwa nkhondo ya mitumbira. Ku Ntcheu, mu 1953, Inkosi Gomani II anachotsedwa pa mpando atauza anthu ake kuti asamvere malamulo amenewa posonyeza kukana boma la chitaganya limene atsamunda ankalikakamiza. Nzeru imene inali ndi mbali yake yabwino inadedwa chifukwa inabwera ndi mesenjala ndi chindapusa. Agogo ambiri anamwalira akuyang'ana mlangizi ngati wapolisi.

Munda wamayi ndi minda ya ana

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 feteleza anakwera mtengo kwambiri, boma litachotsa sabuside ndipo kwacha itagwa. Funso la momwe mlimi wosauka angabwezeretsere chonde m'nthaka linakhala lachangu. Asayansi anali ndi yankho lodziwika: mbewu za m'gulu la nyemba. Aliyense angadzionere yekha chifukwa chake. Zulani phando la mtedza uli wauwisi, sasani dothi, mudzaona timibulu tomata ku mizu. Tswanyani kamodzi ndi chikhadabo. Mkati mukakhala mofiirira ndiye kuti tizilombo tosaoneka ndi maso tokhala m'menemo tili pantchito yotenga naitrojeni wa mumpweya n'kumusandutsa chakudya cha mbewu, mchere womwewo umene timagula m'thumba la Urea.

Vuto linali lakuti mbewu zoterezi zilipo zambiri, ndipo sizinkadziwika kuti mlimi angalandire iti. Sieglinde Snapp, katswiri wa nthaka amene ankagwira ntchito m'Malawi nthawi imeneyo, pamodzi ndi anzake monga George Kanyama-Phiri wa ku koleji ya zaulimi ya Bunda, anakonza njira imene lero ikugwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri. Pakati pa mudzi pamakhala munda wamayi, woyang'aniridwa ndi wofufuza, momwe njira zonse zimayesedwa mobwerezabwereza, zokolola n'kupimidwa pa sikelo monga sayansi ifunira. Mozungulira, pa mtunda woyenda pansi, pamakhala minda ya ana: mlimi aliyense amatenga njira zitatu kapena zinayi n'kuziyesa m'timabwalo pamunda wake, ndi khasu lake, pa nthawi yake, n'kumapalira pamene wapeza mpata pakati pa maliro, ganyu ndi matenda. Pamapeto alimi amaika njirazo pa mndandanda malinga ndi momwe azionera.

Apa mndandanda wa asayansi ndi wa alimi unasiyana. Pa sikelo ya chonde, mbewu zomwe zinkatsogola zinali monga kalongonda ndi ombwe, zobala masamba ochuluka okwirira m'nthaka. Alimi anaziona, anavomereza kuti chimanga chotsatira chikukula bwino, koma ambiri sanazifune. Munthu wa ekala imodzi kapena ziwiri sangapereke munda chaka chathunthu ku mbewu yosalowa mu mphika. Ombwe sadyedwa, ndipo kalongonda amafuna kuphikidwa nthawi yaitali, madzi akutayidwa kangapo, apo ayi amaledzeretsa ndi kudwalitsa. Alimi, makamaka amayi, anasankha nandolo, mtedza ndi soya.

M'kusankha kumeneku munatuluka njira yodzala mbewu ziwiri za m'gulu la nyemba m'munda umodzi, nandolo ndi mtedza, chaka chotsatira n'kudzalamo chimanga. Zimayenda chifukwa mbewu ziwirizi sizilimbirana nthawi. Nandolo amayamba mwaulesi, miyezi yoyambirira akuzamitsa mizu, mtedza n'kumakula momasuka. Mtedza ukakumbidwa, nandolo ndiye amatambasuka, akumwa chinyezi chakuya chimene chimanga sichingachifike, n'kumayoyola masamba pansi chilimwe chonse. Banja limakolola kawiri, nthaka imaphimbika, ndipo mitengo ya nandolo imasanduka nkhuni. Zotsatira zomwe Snapp ndi anzake anafalitsa mu 2010 zinaonetsa kuti kasinthasintha wokhala ndi mbewu zonga nandolo amatha kupereka zokolola zofanana ndi za chimanga chokhachokha ngakhale feteleza atachepetsedwa ndi theka, ndiponso kuti zokololazo sizikwera ndi kutsika kwambiri chaka ndi chaka. Pa nkhani ya nyengo, mfundo yachiwiriyi ndiyo yaikulu. Banja silifa ndi chaka cha zokolola zapakatikati. Limafa ndi chaka chimodzi chopanda kanthu.

Zimene zinachitika ku Ekwendeni

Malo amene njira yochitira limodzi yazama kwambiri m'dziko muno ndi Ekwendeni, m'boma la Mzimba. Nkhani yake inayambira m'chipatala, osati m'munda. Ku chipatala cha mishoni cha Ekwendeni, ana onyentchera ankagonekedwa, kudyetsedwa mpaka kuchira, kubwerera kumudzi, pakapita miyezi n'kubweranso ali chimodzimodzi. Mu 1997 namwino Esther Lupafya ndi Rachel Bezner Kerr, wophunzira wochokera ku Canada, anayamba kucheza ndi makolo a ana amenewa. Anamva za nthaka yoguga, feteleza wosagulika, ndi nkhokwe zotha mvula isanagwe. Mu 2000 panabadwa ntchito yotchedwa Soils, Food and Healthy Communities, yolumikiza nthaka, chakudya ndi thanzi la anthu. Inayamba ndi alimi 183 m'midzi 7.

Chimene chinasiyanitsa ntchitoyi ndi zina n'chakuti midzi inasankha gulu la alimi ofufuza, amuna ndi amayi, kuphatikizapo amasiye ndi osauka, osati okhawo odziwa kuyankhula pamaso pa alendo. Gululi ndilo linkaphunzira njira zatsopano, kuziyesa m'timinda ta mamita 10 mbali zonse, kuyendera anzawo, kulemba zimene laona, ndi kubwera nazo pa msonkhano ndi ofufuza a ku yunivesite. Njala ya 2001/02 itavuta, anthu anaona okha kuti mabanja amene anali ndi mtedza, soya ndi nandolo anali ndi pogwira, ndipo m'zaka zochepa olowa nawo anafika m'zikwi.

Wina akanatha kulemba lipoti pamenepa n'kunena kuti ntchito yatheka. Alimi ofufuza aja ndi amene anaumirira kuti sinathe. Choyamba anaona kuti ambiri akukolola nyemba koma masamba ndi mapesi akuwotcha kapena kuwasiya kuti ziweto zidye, pamene chonde chili m'zinyalala zomwezo, ndipo zimafunika kukwiriridwa zisanaumiretu. Atafufuza chifukwa chake, anapeza kuti kukolola mtedza ndi soya ndi ntchito ya amayi, ndipo kukwirira kunkagwera mayi yemweyo pa nthawi imene ali ndi kukolola chimanga, kutunga madzi, kutola nkhuni ndi mwana kumsana. Choncho anakonza masiku apadera okwirira zinyalala, mafumu ali pomwepo, amuna atagwira makasu pagulu. Anapitanso kwa mafumu ndi nkhani ya mbuzi ndi ng'ombe, zomwe zimamasulidwa chimanga chikangokololedwa n'kukathera m'munda wa nandolo amene akadali wauwisi.

Chachiwiri chinali chowawa kwambiri. Zokolola zinachuluka, koma m'nyumba zina ana sanasinthe. Bambo ankatenga mtedza ndi soya n'kukagulitsa, ndalama zina n'kuthera ku mowa. Kwina soya analipo koma mayi sankadziwa kumukonza kuti mwana adye. Ndipo kudera limeneli, komwe mkazi amakakhala kwa mwamuna, mawu a apongozi aakazi pa kaleredwe ka khanda ndi olemera kuposa a namwino. Mayi ankamva ku sikelo kuti mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi 6, akafika kunyumba agogo n'kumupatsa khandalo madzi a mizu ndi phala lamadzimadzi lisanathe ndi mwezi womwe, chifukwa kwa iwo mwana wolira ndi wanjala. Maphunziro a zaumoyo ankaitana mayi yekha, munthu amene analibe mphamvu yomaliza pa nkhokwe kapena pa khanda.

Kafukufuku wa nthaka anasanduka kafukufuku wa banja, ndipo asayansi analola kuti funso lisinthe. Panayambika masiku a zophikaphika. Mudzi umasonkhana, mafuwa ali mbwee pabwalo, ndipo wina akukazinga soya, wina akusinja nsinjiro zothira m'phala, wina akufinya mkaka wa soya pa kansalu, wina akuphika futali. Amuna amapatsidwa mthiko pamaso pa anzawo, ana amalawa, agogo amaweruza kukoma kwake. Panayambikanso magulu okambirana momwe amayi achitsikana, abambo, agogo aakazi ndi agogo aamuna amayamba akambirana paokha, kenako n'kukumana. Agogo sanauzidwe kuti ndi osadziwa. Anafunsidwa, anatsutsa, anamvetsera, ndipo ambiri anasanduka oteteza kuyamwitsa. Kwa zaka zingapo ofufuza ankapima ana msinkhu ndi kulemera, ndipo zotsatira zomwe zinafalitsidwa mu 2011 zinaonetsa kuti ana a m'midzi imene inakhalitsa mu ntchitoyi ndi kuilowa mozama ankakula bwino kuposa a m'midzi ina. Mu 2012 ntchitoyi inafika ku Lobi m'boma la Dedza, ophunzitsa ake ali alimi anzawo.

Ine ndimaona kuti apa ndi pamene pali kusiyana pakati pa kuchitira limodzi kwenikweni ndi kongotchula. Ntchito zambiri zimaitana anthu kuti adzavomereze zimene zinalembedwa kale ku Lilongwe kapena ku London. Ku Ekwendeni anthu anabweretsa nkhani imene sinali m'pulani, ya mowa, ya apongozi, ya ntchito yolemetsa amayi, ndipo pulaniyo ndi imene inagonja.

Zimene mlendo amabweretsa

Tisapite nazo patali n'kuyamba kuganiza kuti nzeru zonse zili kumudzi ndipo wasayansi ntchito yake ndi kungolemba. Kuwotcha zinyalala kunali chizolowezi cha makolo, ndipo n'kowononga. Phala la khanda la mwezi umodzi linali mwambo, ndipo limatsegula m'mimba. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo pa nkhani ya nyengo kalumo kameneka kakufunika kwambiri.

Ofufuza a ku Ekwendeni atayamba kukambirana ndi alimi a kumeneko ndi a ku Kasungu za kusintha kwa nyengo, anapeza kuti alimi akuona kusinthako bwinobwino: mvula yochedwa kuyamba, yodukiza pakati, yothera m'njira. Koma pofotokoza chifukwa chake, ambiri ankadziloza okha chala. Ankati mvula yathawa chifukwa tadula mitengo, ndipo uthenga umenewu ndi umene ankaumva pa wailesi ndi kwa alangizi. Kudula mitengo kumawonongadi: kumaumitsa akasupe, kumakokolola nthaka, kumakulitsa kusefukira kwa madzi. Koma chimene chikutenthetsa dziko lonse ndi utsi wa malasha a pansi pa nthaka, mafuta ndi gasi, wochokera makamaka m'mayiko olemera ndi a mafakitale. Africa yonse imatulutsa gawo losakwana 4 pa 100 la utsi umenewu. Mayi wotola nkhuni ku Mzimba sangadziwe zimenezi poyang'ana kumwamba. Ayenera kuuzidwa, ndipo kumubisira n'kumusenzetsa mlandu wa eni ake. Anita Chitaya, mlimi wa m'mudzi wa Bwabwa komanso mmodzi mwa atsogoleri a ntchitoyi, atamvetsa nkhaniyi anapita ku America ndi Esther Lupafya kukakambirana ndi alimi ndi andale a kumeneko, ulendo umene unajambulidwa m'filimu ya The Ants and the Grasshopper ya mu 2021. Bezner Kerr naye anali mmodzi mwa otsogolera kulemba mutu wa zachakudya mu lipoti la 2022 la IPCC, gulu la akatswiri a nyengo la United Nations. Zimene zinaphunziridwa m'timinda ta mamita 10 zinakafika pamenepo.

Chitsanzo china cha zimene wasayansi angabweretse ndi njira yotchedwa PICSA, yokonzedwa ku University of Reading ku Britain, imene inayamba kugwiritsidwa ntchito m'Malawi cha m'ma 2015 m'maboma monga Balaka mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona zanyengo. Nthambiyi ili ndi mabuku a mvula a zaka makumi angapo, koma kwa nthawi yaitali mabukuwo ankangokhala m'maofesi. Mu PICSA mlangizi amabwera nawo kumudzi nyengo yodzala isanafike, atajambulidwa pa pepala lalikulu: kadontho kalikonse ndi chaka chimodzi, kukwera kwake ndi kuchuluka kwa mvula. Alimi amayamba ndi kufufuza zaka zimene akuzikumbuka, cha njala, cha madzi osefukira, chomwe mwana wawo anabadwa, kuti aone ngati pepalalo likunena zoona. Kenako amatenga pepala lina n'kuphimba timadontho tonse tomwe tili pansi pa mlingo wa mvula imene mbewu inayake imafuna, n'kuwerenga totsala. Tinene kuti pa zaka 30 patsala timadontho 18. Ndiye kuti mbewuyo imapeza mvula yokwanira zaka 6 pa zaka 10 zilizonse. Munthu wosapita kusukulu amawerenga yekha ndi chala, n'kusankha yekha ngati banja lake lingapirire zaka 4 zotsalazo, kapena ndi bwino kugawa munda, kudzala yocha msanga, kuonjezera mapira kapena mbatata, kapena kugula mbuzi. Mlangizi sanena kuti dzalani ichi.

Pa misonkhano yotereyi nthawi zina pamabuka mkangano wopindulitsa. Alimi amati mvula yachepa, pamene mabuku a malo ambiri saonetsa kuti mvula ya chaka chonse yatsika moonekeratu. Chimene amaonetsa mosakayikitsa ndi kukwera kwa kutentha. Wofufuza wopupuluma anganene kuti alimi akulakwitsa. Wodekha amafunsa kuti akuyeza chiyani. Mlimi sayeza mamilimita. Amayeza masiku amene chimanga chimatha kupirira ng'amba chisanapote masamba. Dzuwa likamawotcha kwambiri, nthaka ikakhala yoguga yosasunga chinyezi, mvula yofanana ndi yakale siikwananso, makamaka ikagwa yambiri masiku ochepa n'kuthamangira kumtsinje. Mkanganowo ukatha bwino, wasayansi amabwerera kukawerenga zinthu zimene sankaziwerenga, monga tsiku loyamba mvula yodzalira ndi kutalika kwa ng'amba ya mu Januwale, ndipo mlimi amazindikira kuti gawo lina la vuto lili m'nthaka yake, momwe angathe kuchitapo kanthu. Zizindikiro za makolo, monga kuphukira kwa mitengo, mayendedwe a mphepo ndi kubwera kwa chizimalupsa, nazo zimayikidwa pambali pa mabuku a mvula kuti zioneke zimene zikugwirabe ntchito ndi zimene nyengo yazisiya m'mbuyo.

Zovuta zake

Njira imeneyi ndi yochedwa, ndipo ndalama za mabungwe n'zosaleza mtima. Ntchito zambiri zimapatsidwa zaka zitatu, pamene nthaka yoguga imafuna nyengo zingapo kuti iyambe kuyankha, ndipo kukhulupirirana kumafuna nthawi yoposa pamenepo. Ku Ekwendeni zinatheka chifukwa anthu omwewo akhala limodzi zaka zoposa 20.

Palinso nkhani ya amene amasankhidwa. Mlendo akafika amayamba kwa amfumu, monga mwa ulemu wathu, koma mayina akachokera kwa amfumu okha, kawirikawiri amakhala a achibale ndi a anthu opezako bwino. Mayi wamasiye wolima theka la ekala, amene njira yatsopanoyo ikanayenera kuyesedwa pa iye, amakhala ali ku ganyu tsiku la msonkhano. Chizolowezi cha ma alawansi nacho chawononga zambiri: anthu amabwera chifukwa cha envelopu n'kuyankha zimene akuganiza kuti mlendo akufuna kumva. Komabe si chilungamo kuti wofufuza alandire malipiro a mwezi, mlimi n'kupereka munda, thukuta ndi masiku ake kwaulere, zotsatira n'kukatuluka m'Chingerezi m'magazini ya kunja imene ngakhale mlangizi wa m'deralo sangaipeze. Midzi yambiri m'dziko muno yafunsidwa mafunso omwewo kambirimbiri osamvako yankho ngakhale kamodzi. Chinthu chimodzi choyamikirika pa ntchito ya ku Ekwendeni n'chakuti mayina a Amalawi oyendetsa ntchitoyo m'midzi, monga Esther Lupafya, Laifolo Dakishoni ndi Lizzie Shumba, amaoneka pa zolemba za sayansi ngati alembi anzawo.

Ndipo pali zinthu zimene munda woyeserera sungathe kuzikonza. Alimi atalimbikira nandolo, msika wake waukulu unali India. Mu 2017 dziko limenelo linachepetsa nandolo wolowa kuchokera kunja, mtengo unagwa, ndipo alimi a m'chigawo chakummwera anatsala ndi matumba osowa wogula. Amene ankadzala kuti adye ndi kukonza nthaka sanataye zonse, koma amene ankadalira kugulitsa anapsa mtima, ndipo sanalakwe. Mlangizi mmodzi wa boma amayang'anira mabanja oposa 1,000, ndipo ndalama zambiri za unduna wa zaulimi kwa zaka zambiri zakhala zikupita ku feteleza wa sabuside, zochepa n'kutsalira ulangizi ndi kafukufuku. Alimi ofufuza angathandize kutseka mpata umenewu, koma sayenera kukhala chifukwa choti boma lisiye udindo wake.

Ngati kwanu kwabwera ofufuza, alandireni, koma musachite manyazi kufunsa. Afunseni kuti funso lawo analitenga kuti, ndipo ngati mungawonjezerepo lanu. Afunseni amene adzasunge zolembedwazo, ndi tsiku limene adzabwere kudzakuuzani zimene apeza, m'chiyankhulo chanu. Malamulo a kafukufuku m'dziko muno amafuna kuti munthu avomere mwa kufuna kwake atafotokozeredwa bwino, ndipo wokana salakwira aliyense. Ndipo musadikire alendo kuti muyambe. Sukulu, mpingo kapena kalabu ya alimi ingathe kuika choyezera mvula pabwalo, patali ndi mitengo ndi madenga, n'kusankha munthu woti aziwerenga m'mawa uliwonse nthawi imodzimodzi ndi kulemba m'kope, ngakhale tsiku limene sinagwe. A nthambi ya zanyengo ndi alangizi a zaulimi angakuonetseni kayezedwe kake. Yambani mvula ya chaka chino isanagwe.